Matiresi Amene Odair Anaponya

Kunyumba kwanga khofi timamwera m'matambula agalasi, ngati aliyense kuno ku Contagem. Koma pa shelefu ya pamwamba pankakhala kapu imodzi yachitsulo, yokhala ndi zipsera m'mbali. Inali ya mwamuna wanga Odair. Ndinamugulira nditatopa ndi kutola magalasi osweka. Sikuti ankaledzera ayi. Ankakhala bwinobwino patebulo akumvera mpira pa wailesi, mwadzidzidzi manja ake onse awiri n'kulumphira kutsogolo ngati akukankha chinthu cholemera, ndipo chilichonse chimene chinali patsogolo pake chinkapezeka pansi. Akatero ankawayang'ana manjawo ngati a munthu wina, n'kudzuka kukatenga tsache kuseri kwa chitseko. Manja amenewo anayamba khalidwe limeneli chifukwa cha Jucimara. Nkhani yake ndi imene ndikufuna kunena, ngakhale kuti panali zaka zimene dzina lake sindinkafuna kulimva n'komwe.

Odair ankaphunzitsa ana kudumpha pa tirampolini, m'chishedi china kuseri kwa msika wa ku Eldorado, momwe kale ankasungiramo matayala. Sindikunena timatirampolini ta pa phwando la ana. Ndikunena ija ya mpikisano, ya ukonde wokungidwa ndi masipuling'i pa chitsulo, imene imaponya munthu m'mwamba mpaka tsitsi kutsala pang'ono kusesa malata. Pakati pa ukondewo pali mtanda wofiira. Wodumpha amapidiguka m'malere kakhumi motsatizana, osapumira, ndipo akamatsika mapazi ayenera kupeza mtandawo. Mphunzitsi amaima m'mbali atagwira matiresi okhuthala. Akaona kuti mwana wasochera m'mwambamo, akubwera chamutu kapena akulunjika pachitsulo, amakankhira matiresiwo pansi pake kuti agwere pofewa. Koma lamulo la mpikisano ndi louma: mwana akangokhudza matiresi, zake zathera pomwepo, oweruza amaika zolembera pansi. Odair ankati ukaponya msanga wapha zaka za mwana, ukachedwa wapha mwana, ndipo nthawi yoganizira ndi yochepa kuposa kuphethira.

Ine ndine Zuleica, telala. Zovala zothina zonyezimira zimene atsikanawo ankavala pa mpikisano zinkachokera pa makina anga, ndipo matiresi akang'ambika ankabweranso kwa ine.

Jucimara tinamupeza ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mayi ake ankagulitsa chimanga chophika pa siteshoni ya basi, ndipo kamwanako kankaswera pamalo pena pamene ankamangapo nyumba, kakudumpha kuchokera pakhoma n'kugwera pa mulu wa mchenga. Odair anaima n'kumayang'ana. Ine ndinali nditalemedwa ndi matumba a kumsika, ndikumukalipira kuti tizipita. Iye anangondilozera pamchengapo. Mwanayo anali atadumpha kambirimbiri, koma dzenje la mapazi linali limodzi lokha.

"Iwe kamtsikana, dzina lako ndani?"

"Mukufuna mukandinenere kwa amayi?"

"Ayi. Ndikufuna ndikuonetse podumphira pabwino kuposa mchenga wa eni akewu."

"Amalipiritsa?"

"Amalipiritsa thukuta."

Kanamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka padazi. "Thukuta ndili nalo. Koma inuyo ndi mimba imeneyo mumadumpha?"

Ife Mulungu sanatipatse mwana. Sindinena zambiri pamenepa. Posakhalitsa Jucimara anali ndi mbale yakeyake kwathu. Lamulungu lililonse ndinkaphika nkhuku ya therere, iye n'kumatola therere lonse m'mbale mwake n'kumaliunjikira Odair, ati kuti mimba ija isaphwe. Ankamuitana Tio, ine Tia, ndiye kuti malume ndi azakhali, monga ana onse a m'shedimo, koma ana enawo madzulo ankapita kwawo. Uyu ankalembera za kusukulu pa tebulo langa lodulira nsalu, ankandibera choko, ndipo akadwala chimfine mayi ake ankabwera kudzamuzonda kwathu. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anaswa nyali ya kudenga ndi chala chakuphazi. Odair anakachonderera mwini shedi mpaka analola kuti akweze malata pamwamba pa tirampolini pokha, ndipo mpaka lero shediyo ili ndi linunda.

Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anagonjetsa akuluakulu pa mpikisano wa dziko lathu lonse. Kuchoka apo unangokhala ulendo: Rio, Curitiba, Goiânia, kenako pa ndege kupita ku mayiko ozizira kumene ankabwerako milomo itang'ambika, akudandaula kuti anthu akumeneko sadziwa kuphika nyemba. Mamendulo sankawasunga kwawo chifukwa denga linkadontha. Tinkawapachika pa msomali m'chipinda chathu chochezera, pafupi ndi chithunzi cha Amayi Maria a ku Aparecida, mpaka msomaliwo unapindika. Ndisaname, kunjako sanali woyamba. Ankathera pakatikati, kumbuyo kwa atsikana a ku China ndi ku Russia amene amadumpha ngati alibe mafupa. Koma kuno kwathu kwa zaka zingapo panalibe womuposa, ndipo anthu ankamudziwa ndi chinthu chimodzi, kubwerera. Ena akaphonya mtanda n'kutera kumphepete, mtima unkawachoka, zonse n'kubalalika. Jucimara ankatera kumphepete kwenikweni, anthu atagwira kale kumutu, iye n'kudzikoka m'malere momwemo n'kubwerera pamtanda ngati palibe chachitika. Anzake ankati ali ndi maso kuzidendene. Iye zimenezo ankazikhulupirira kuposa katekisimu.

Pa mipikisano yonseyo Odair sanamuponyerepo matiresi ngakhale kamodzi. Komabe akabwerako ku ulendo, zogwirira za matiresiwo zinkakhala zitathothoka.

"Waponyera ndani?" ndinkamufunsa.

"Palibe."

"Nanga zathothoka bwanji?"

"Ingosoka, Zuleica."

Ndinadzazindikira nditapita nawo kukaonera. Jucimara akakhala m'mwamba, bamboyo ankafinya zogwirirazo mpaka zala kuyera, akukokera kumbuyo chinthu chimene thupi lake lonse linkafuna kukankhira kutsogolo. Kuyambira pamenepo ndinayamba kusokera ulusi wa nsapato.

Chaka chimene Jucimara anakwanitsa zaka makumi awiri ndi ziwiri, kunali kusankha mtsikana woti akaimire dziko pa masewera aakulu a mayiko onse a ku America. Malo anali amodzi okha. Bondo lake lakumanja linali litayamba kale kuvuta, ndipo tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti mwayi ngati umenewu sudzamupezanso. Ndinamusokera chovala chabuluu chokhala ndi timiyala tonyezimira paphewa. Tsiku loyesa chovalacho Odair anali atatsamira chitseko akusenda lalanje.

"Tio, ndili ndi pempho."

"Ngati n'loti mawa usabwere ku shedi, yankho ukulidziwa."

"Musadzaponye matiresi. Ngakhale mudzaone ndapendekeka bwanji, mudzandisiye. Mukudziwa kuti ndimabwerera."

"Iwe dumpha. Matiresi siyira ine."

"Lumbirani, Tio."

Odair anamupatsa kagawo ka lalanje n'kunena kuti tsitsi lakula, akalidule. Sanalumbire. Ine ndinalipo, mapini ali kukamwa, ndipo ndikuchitira umboni kuti sanalumbire. Koma Jucimara anatenga kukhala chete kumeneko ngati kuvomera.

Mpikisanowo unali ku Goiânia, ndipo ndinapita nawo pa basi. Munthu akayamba kudumpha holo yonse imati zii, kumangomveka kulira kwa masipuling'i ndi mpweya wa wodumphayo. Kupidiguka koyamba mpaka kwachisanu ndi chimodzi, Jucimara anali ngati amumangirira chingwe pamtanda. Kwachisanu ndi chiwiri anatera kumapeto kwa ukonde. Sindinaope kwenikweni, tinali titaziona kambiri. Koma ulendo wachisanu ndi chitatu anakwera mopendekeka, thupi likupita chakunja, akuzungulira ndi liwiro lake lomwe lija, ndipo pansi pake ine ndinkangoona chitsulo. Ndinamva matiresi akukhwekhwereka.

Anatera ndi mapazi onse awiri, chilili, ngati munthu wotsika basi. Matiresi anali atagona theka pa ukonde, theka pa masipuling'i ndi chitsulo, ndipo mapazi ake anali pakati penipeni. Kaya pansi pa mapaziwo panali ukonde, kaya panali chitsulo, matiresi anabisa. Anaima kanthawi akuyang'ana pansi. Kenako anakweza dzanja kwa oweruza monga mwa mwambo, n'kutsika. Malo aja anatenga mtsikana wina wa ku Rio.

Tinamupeza m'kanjira kopita kosinthira zovala. Sankalira. Ndikanakonda akanalira.

"Tio, ndiuzeni chinthu chimodzi chokha. Ndikanagwera pachitsulo?"

Mumtima ndinkakuwa kuti nama, bambo iwe, nama. Unene kuti khosi likanathyoka, unene kuti unaona ndi maso ako. Mwanayu akanalira mwezi umodzi n'kubwera kudzadya nkhuku.

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero Odair.

"Simukudziwa."

"Sindikudziwa."

"Ndiye zaka khumi ndi zinayi mwazitaya kudzala chifukwa cha chinthu chimene simukuchidziwa."

Jucimara analowa, anasintha, anatuluka atapinda chovala chabuluu chija bwinobwino n'kundipatsa m'manja. "Zikomo, Tia. Munasoka bwino." Pobwerera anakwera basi ina.

Panali munthu amene anajambula vidiyo, koma anaima malo oipa, ndipo pa nthawi yofunikayo chimene chimaoneka ndi msana wa Odair ndi matiresi basi. Anthu anaionera mpaka kutopa nayo. Kumene timagula buledi anagawikana pawiri. Ena ankati mkuluyo wapulumutsa mwana ku njinga ya olumala, ena ankati wakalamba, mantha amugwira, wadyera mwana tsogolo. Aphunzitsi anzake nawonso sanamvane. Ine ndinamukalipira Odair sabata yathunthu.

"Bodza limodzi lokha linakukanika? Anthu amanama tsiku ndi tsiku pa zinthu zopanda pake."

"Iyeyo akanakhulupirira," anatero. "Nanga ine?"

Mwezi usanathe tambula yoyamba inasweka. Kenako zinayamba kuchitika paliponse. M'basi anakankha mayi wina amene anaima patsogolo pake. Kutchalitchi, pa mzere wokalandira Ukaristia, anatsala pang'ono kugwetsa gogo wa ndodo, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda manja ali m'matumba. Nkhani ya manja ake inafala dera lonse, ndipo sindikukayika kuti inamupeza Jucimara kumene anali.

Tsiku lina masana ndinamupititsira chakudya ku shedi, ana asanaweruke kusukulu. Ndinamupeza ataima yekha m'mbali mwa tirampolini yopanda munthu, matiresi ali m'manja, mutu ukukwera ndi kutsika, milomo ikuwerenga. Atafika pa chisanu ndi chitatu anauma gwa, thukuta lili kamukamu.

"Lero sindinaponye," anandiuza osatembenuka.

"Ndiye wagwera pati?"

"Sindinaone. Pamenepo ndi pamene zimathera."

Ndinaika chakudya pa benchi n'kutuluka. Ndinachita mantha ndi mwamuna wanga yemwe, ndipo ndinalira njira yonse.

Jucimara anasamukira ku São Paulo kwa mphunzitsi wina, n'kupikisanabe zaka ziwiri. Amene ankamuona ankati mphamvu zinalipo, m'mwamba ankafikabe, koma akafika pa kupidiguka kwachisanu ndi chitatu diso linkachoka pamtanda n'kuba kuyang'ana m'mbali, kwa munthu wa matiresi. Pa masewera amenewa diso likapita kwina thupi limatsatira. Kubwerera kuja kunatha. Kenako bondo linakaniratu, anamuchita opaleshoni, dzina lake n'kusiya kumveka. Anabwerera ku Contagem mwakachetechete. Anagwirapo ntchito m'sitolo ya mankhwala, kenako anagula timatirampolini tiwiri ta ana n'kumatinyamula pa kagalimoto kupita nato ku maphwando a tsiku lobadwa. Ndinamuonapo kamodzi ku phwando la mdzukulu wa mnzanga. Munthu amene anaimbiridwapo nyimbo ya fuko anali ataima pakhomo la kaukonde akuuza ana kuti avule nsapato, wina atamupaka chokoleti pa buluku. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinachoka keke asanadule.

Akationa pamsewu ankawolokera tsidya lina. Koma Lamulungu lililonse ndikayamba kudula nkhuku, Odair ankasuzumira kukhitchini n'kunena kuti, "Uphike yambiri." Ndinkaphika yambiri, n'kumadya yomweyo mpaka Lachitatu.

Sitiroko itamugwira Odair, mbali yakumanzere inafa ndipo mawu anatsekeka, koma dzanja lakumanja linapitiriza lokha kukankha, ngakhale pabedi la kuchipatala. Apa ndiye ndinameza mkwiyo wanga n'kupita kukamufuna Jucimara. Ndinamupeza akutsitsa zitsulo m'kagalimoto kake.

"Tio wako akudwala. Sakhalitsa."

"Ndamva, Tia."

"Wamva, ndiye?"

Anapitiriza kumasula chingwe. "Mukawafunse ngati akudziwa tsopano."

Mbama inali itafika kale m'dzanja langa. Sindinamumenye, chifukwa nditamuyang'ana kumaso ndinaona kuti sakunyoza ayi. Ankafunsadi. Zaka zonsezo mtsikanayo anali adakali m'mwamba muja, sanatere. Komabe ndinamuda tsiku limenelo, ndipo ndinamuda nthawi yaitali.

Odair anatisiya m'nyengo ya mvula. Kumanda Jucimara sanalowe. Anaima kunja kwa geti pakati pa azimayi ogulitsa maluwa, akunyowa, ndipo pamene tinkatuluka anali atapita.

Shedi inakhala yotseka miyezi ingapo, mpaka makolo anakamugwadira Jucimara kuti ana asabalalike. Anavomera. Anatenga makiyi, tirampolini, ndi matiresi omwe aja, popeza ena panalibe. Zovala ndinkasokabe ine, koma ana ankabwera ndi amayi awo, iye pakhomo panga sankaponda. Ndinkamva kuti ndi mphunzitsi wabwino, wovuta, wosaseka. Za chiphunzitso chake chatsopano ndinazimva kwa Kauane.

Kauane anali ndi zaka khumi ndi zisanu, mwana wa Dona Rosilda amene timapemphera limodzi. Ku shedi anayamba pamene Odair anali atamwalira kale. Miyendo italiitali, pakamwa pakuthwa, wosaopa chilichonse, moti ndikamuyang'ana ndinkakumbukira dzenje limodzi lija la pamchenga. Anabwera kudzayesa chovala cha mpikisano wa achinyamata, umene wopambana wake amalowa timu ya dziko.

"Dona Zuleica, mukudziwa kuti Tia Mara saponya matiresi?" Ana a ku shedi ankamuitana choncho Jucimara.

"Ima mowongoka."

"Amangowagwira chifukwa lamulo limatero. Akuti amene ali m'mwamba ndiye mwini khosi, wapansi asamuganizire. Anandilumbirira ndithu."

"Kweza mkono."

"Akuti iwowo akanapita kutali, koma anawaponyera mdala wina wamantha."

Phini inamulowa m'nthiti. Ndinamuuza kuti wagwedezeka yekha, ndipo sindinapepese.

Mpikisano unali ku Belo Horizonte, mzinda woyandikana nafe, ulendo wa basi imodzi. Ndinadziuza kuti ndikupita kukaona mmene chovala changa chikuonekera pa magetsi. Ndinakhala ndi Dona Rosilda, yemwe anali atakulunga korona m'dzanja. Kauane atakwera pa ukonde anthu onse anakweza maso, koma ine ndinayang'ana pansi, m'mbali. Jucimara anali ataima ndendende mmene ankaimira Odair, phazi lakumanzere kutsogolo, mawondo atapindika pang'ono, mutu ukukwera ndi kutsika kutsatira mwana. Ndinaona zala zake zikuyera pa zogwirira zimene ndinasoka ndi ulusi wa nsapato.

Kauane ankadumpha bwino kuposa onse amene anamutsogolera, izi ngakhale Rosilda wosadziwa malamulo ankaziona. Koma potera ulendo wachisanu ndi chitatu phazi limodzi linatsogola linzake, ndipo ukonde unamuponya cham'mbali. Kunali kutatsala kupidiguka kuwiri kokha. Anakwera mopendekeka, akuzungulira, thupi likutuluka kunja. Ndinaona Jucimara akukokera matiresi kuchifuwa kwake ngati akuwakaniza. Ndinaona milomo yake ikuti ayi. Kenako manja anapita.

Kauane anatera ndi mapazi n'kugwada pakati pa matiresi, amene anagona theka pa ukonde, theka pachitsulo. Oweruza anaika zolembera pansi. Rosilda anapsompsona korona, akunong'ona kuti zikomo Amayi Maria, zikomo.

"Waponya msanga mayiyu," anatero bambo wina kumbuyo kwathu. "Mwanayu akanabwerera."

"Akanabwerera m'bokosi," anayankha mnzake.

Anayamba kukangana. Ine ndinkayang'ana Kauane, amene anatsika n'kuima pamaso pa mphunzitsi wake n'kufunsa kanthu. Mawu sindinawamve, koma funsolo ndinkalidziwa. Ndinkaganiza kuti tsiku ngati limeneli likadzafika ndidzasangalala, ndidzamukumbutsa Jucimara kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Sindinasangalale. Chisoni chinandigwira, moti Rosilda ndiye anandigwira mkono potsika masitepe.

Patapita masabata awiri, Lamulungu masana, ndinamva kagalimoto kakuima pageti, kenako munthu akuwomba m'manja. Jucimara anali ataima panja, matiresi ali kumbuyo kwa galimoto. Anali ataonda.

"Tia, zogwirira zathothoka."

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinamusungira zaka zoposa khumi, ena ndinkachita kuwayeseza ndikusita zovala. Onse anathawa.

"Lowa. Matiresiwo uwasiye pakhonde."

Analowa ngati mlendo, akupukuta mapazi pakhomo. Maso ake anapita pa msomali wopindika uja. Mamendulo anali pomwepo, ndimawapukuta fumbi Khirisimasi ikayandikira. Anakhala pampando umene unali pafupi, kaya ankakumbukira kuti unali wa Odair kaya ayi. Ndinamuthirira khofi m'tambula, n'kuika timabanzi ta tchizi m'mbale.

"Kauane sakubwera ku shedi," anatero. "Ndikamuimbira sayankha. Dzulo ndakumana naye kumsika, wawolokera tsidya lina."

"Anakufunsa?"

"Anandifunsa."

"Unati chiyani?"

"Ndinkafuna kunama, Tia. Bodza linali litafika kale pamlomo. Ndikanangoti khosi likanathyoka, basi, mawa lake akanabwera." Anazunguza tambula patebulo. "Ndinati sindikudziwa."

Kunja ana a oyandikana nawo ankamenyetsa mpira pakhoma langa, monga amachitira ngakhale ndiwakalipire bwanji.

"Ndinalumbira kuti sindidzaponya," anapitiriza. "Ndipo ndinkaona kuti akhoza kubwerera, ndithu ndinkaona. Koma ukakhala m'mwamba umaona mtanda. Ukakhala pansi umaona chitsulo chokha, ndi mwana wa eni ake." Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Tio ananenapo kanthu za ine? Pomaliza?"

Apa mpata wonama unali wanga. Ndikanati anakukhululukira, anakutchula dzina, anamwetulira. Koma m'nyumba muno bodza la mtundu umenewo linakanika kale kwa munthu wondiposa.

"Pomaliza sankalankhula. Koma asanadwale, Lamulungu lililonse ankati ndiphike nkhuku yambiri."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anakhala akuyang'ana khoma, ndipo ndinaona maso ake akukwera, kutsika, kukwera, kutsika, akutsatira chinthu chimene ine sindinkachiona. Ndinadziwa chimene chikubwera, koma dzanja langa linachedwa kufika pa tambula.

Manja ake onse awiri analumphira kutsogolo. Tambula inakasweka pasimenti, khofi n'kumwazika mpaka pa mwendo wa makina anga. Jucimara anawayang'ana manjawo nthawi yaitali.

"Zayamba liti?" ndinafunsa.

"Sabata yatha."

Anadzuka kukatenga tsache kuseri kwa chitseko. Malo ake anali asanawaiwale. Akusesa magalasiwo anafunsa osandiyang'ana.

"Zimatha, Tia?"

Ndinakoka mpando, ndinakwerapo ndi mawondo anga okalambawa, n'kutsitsa kapu yachitsulo ija pa shelefu ya pamwamba. Ndinaitsuka fumbi, ndinathiramo khofi wina, n'kuiika patsogolo pa mpando wake.